Lager wa ku China ndi mbale yake

Munthu amene anazolowera mowa wogwira pakhosi akalawa lager wa ku China koyamba, nthawi zambiri amakwinya nkhope n'kunena kuti am'patsa madzi. Sakunama kwenikweni, koma akuweruza mowawo pamalo olakwika. Mowa umenewu sanaufulule kuti munthu azikhala nawo pakhonde chimanjamanja kwinaku akuupenda kakomedwe. Anaufulula kuti uzikhala patebulo lozungulira pamene pali mbale zisanu ndi zitatu kapena khumi, ina yamafuta, ina yatsabola, ina yotsekemera, ina ya viniga, ndipo anthu akutapa apa ndi apo kwa maola awiri. Patebulo lotere mowa wodzionetsera umangosokoneza. Ndiye funso loti "ndi lager uti wa ku China amene ali wabwino koposa" silitifikitsa patali. Chofunika kudziwa ndi chimene chili m'mbale, mphamvu ya mowawo, ndi tsiku limene botololo linatuluka m'fakitale. Dzina la kampani limabwera pambuyo pa zitatuzi.

Lager ndi mowa umene yisiti yake imagwira ntchito pozizira, kenako mowawo amausunga pozizira kwa masabata angapo mpaka uyere mbee. Ofulula mowa a ku China amagwiritsa ntchito chimera cha balere monga amachitira ena onse, koma ambiri amawonjezerapo mpunga. Mpunga umapereka shuga woti yisiti idye, koma susiya fungo kapena kulemera kwina kulikonse m'mowamo. Hops, maluwa aja amene amapatsa mowa kuwawa kwake, amaikamo pang'ono chabe. Zotsatira zake ndi mowa wotuwa, wopepuka, wampweya wambiri, umene ukangomeza pakamwa pamatsala poyera. Ena amati mpungawo ndi njira yochepetsera ndalama zofululira, ndipo mwina poyamba zinalidi choncho, koma anthu a kumeneko anaukonda mowa wotero chifukwa umayenda bwino ndi zakudya zawo.

Chizolowezi cha kamwedwe chinathandizanso kuti mowawu ukhale wofooka. Pa phwando la ku China mowa amathira m'timatambula ting'onoting'ono, ndipo munthu sangomwa yekha mwakachetechete. Amakweza tambula kwa mnzake, amati ganbei, ndipo onse awiri amapapira mpaka tambula iume. Wamng'ono pogunditsa tambula ndi wamkulu amatsitsa yake pang'ono kusonyeza ulemu. Tsono ganizirani tebulo la anthu khumi, aliyense akufuna kumwa ndi aliyense. Mowa wa maperesenti 6 kapena 7 ungagwetse anthu nsomba isanafike patebulo. Wa maperesenti 3 umalola mwambowo kupitirira mpaka usiku.

Apa pali msampha umene umakola alendo ambiri. Pa botolo la mowa wogulitsidwa ku China komweko pamalembedwa nambala yaikulu, monga 8°P, 10°P kapena 11°P. Ambiri amaganiza kuti imeneyo ndi mphamvu ya mowa ndipo amachita mantha. Ayi ndithu. Nambalayo ikunena za kuchuluka kwa shuga amene anali m'madzi a chimera yisiti isanayambe ntchito, pa muyezo wa Plato. Mphamvu yeniyeni imalembedwa ndi timalemba tating'ono kumbuyo. Mowa wa 8°P nthawi zambiri umakhala cha m'ma peresenti 3, wa 11°P umapitirira pang'ono maperesenti 4, ndipo wa 12°P umayandikira maperesenti 5. Nambala imeneyi ndi yothandiza kwambiri posankha, kuposa ngakhale dzina la mowa, chifukwa imakuuzani kulemera kwa chimene mukumwa: 8°P ndi wopepuka kwambiri, 11°P uli ndi thupi ndipo chimera chimamveka.

Mowa umene munthu angaupeze kunja kwa China mosavuta ndi Tsingtao, ndipo mbiri yake ndi yachilendo. Mu 1898 dziko la Germany linatenga dera la gombe la Jiaozhou pa pangano la lendi, n'kumanga mzinda wa Qingdao. Mu 1903 amalonda a ku Germany ndi a ku Britain anatsegula fakitale ya mowa mumzindamo kuti azungu anzawo azimwa zakwawo. Asilikali a Japan analanda mzindawo mu 1914, ndipo mu 1916 fakitaleyo inagulidwa ndi kampani ya Dai-Nippon. Inafika m'manja mwa anthu a ku China nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, kenako boma linaitenga chikomyunizimu chitayamba kulamulira. Mu 1972 mowawu unayamba kugulitsidwa ku United States, ndipo kuchokera pamenepo unasanduka mowa wa m'malesitilanti a zakudya za ku China kulikonse, ku London, ku Johannesburg ndi kwina. Mu 1993 kampaniyi inakhala yoyamba ya ku China kugulitsa masheya ake pa msika wa Hong Kong.

Tsingtao wotumizidwa kunja, wa m'botolo lobiriwira, uli ndi mphamvu ya maperesenti 4.7, kutanthauza kuti ndi wolemerapo kuposa mowa wambiri umene anthu amamwa ku China komweko. Uli ndi kakutsekemera ka chimera, kafungo kakutali ka udzu, ndi kuwawa kochepa kumapeto. Kwawo ku Qingdao, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Shandong, anthu amaugula wosaikidwa m'botolo, wochokera mumgolo, wothiridwa m'jumbo ya pulasitiki, n'kumapita nawo kunyumba akuulendewetsa pachala. Amamwera tinkhono ta m'nyanja tokazinga ndi tsabola ndi adyo. Zimenezi zikutiuza kale kumene mowawu umawala: zakudya za m'nyanja, zakudya zamchere pang'ono, zokazinga mofulumira pamoto waukulu.

Kwa ine Tsingtao ndi mnzake weniweni wa zakudya za ku Guangdong, zimene ambiri amazidziwa ndi dzina loti Cantonese, ngakhale kwawo kumeneko ali ndi mowa wawo, Zhujiang, umene unayamba kufululidwa ku Guangzhou mu 1985. Ophika a ku Guangdong sakonda kubisa chakudya m'zokometsera. Nsomba amaiphika ndi nthunzi, n'kuikapo jinja wodula mopyapyala ndi anyezi wamasamba, kenako kuthirapo mafuta otentha ndi msuzi wa soya. Dim sum, timbale ting'onoting'ono tija tobwera m'timadengu ta nsungwi, timakhala ndi nkhanu kapena nkhumba yokutidwa m'chikopa chopyapyala cha ufa. Mukaikapo mowa wakuda wolemera kapena wa hops wambiri wotchedwa IPA, nsombayo simuimvanso. Lager wopepuka amatsuka mchere ndi mafuta palilime n'kuchoka, ndipo chidutswa chotsatira chimakoma ngati choyamba.

Kumpoto zinthu n'zosiyana. Harbin, mzinda wozizira kwambiri wa m'chigawo cha Heilongjiang, ndi kumene kuli fakitale ya mowa yakale kuposa zonse ku China. Inatsegulidwa mu 1900 ndi Jan Wróblewski, munthu wa ku Poland, pofuna kugulitsa mowa kwa anthu a ku Russia amene ankamanga ndi kuyendetsa njanji yodutsa m'deralo. Mu 2004 makampani a SABMiller ndi Anheuser-Busch analimbirana kampaniyi, ndipo Anheuser-Busch ndi imene inapambana. Mowa wa Harbin ndi wofewa, wosawawa kwenikweni, wotsekemera pang'ono kuposa Tsingtao. Zakudya za kumeneko ndi za anthu olimbana ndi chisanu: jiaozi, timitanda ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama ndi kabichi mkati, toviika m'viniga wakuda, soseji yofiira yofukiza utsi imene anaphunzira kwa anthu a ku Russia, ndi guobaorou, nyama ya nkhumba yodula mopyapyala, yokazinga kawiri mpaka ikhale khirichu, yothira msuzi wa shuga ndi viniga. Zakudya zotsekemera ndi zowawasa chonchi zimachititsa mowa wowawa kumveka wowawa kwambiri, n'chifukwa chake mowa wofewa ngati Harbin umakwanira bwino. Ngati mwaitanitsa nkhumba kapena nkhuku ya msuzi wotsekemera ndi wowawasa, imene imapezeka pafupifupi m'lesitilanti iliyonse ya zakudya za ku China kunja kwa dzikolo, mfundo yake ndi yomweyi.

Ku Beijing mowa wakwawo ndi Yanjing, umene unayamba mu 1980 ndipo unali m'gulu la makampani othandiza masewera a Olimpiki a 2008. Ndi wouma pakamwa, wampweya wambiri. Umachita bwino ndi bakha wowotcha wa ku Beijing, amene chikopa chake chimadontha mafuta ndipo amadyedwa atakulungidwa m'kachitumbuwa kopyapyala pamodzi ndi anyezi, nkhaka ndi msuzi wotsekemera wakuda. Koma Tsingtao watsopano angagwire ntchito yomweyo popanda munthu kudandaula.

Nanga Snow? Ameneyu ndi mowa wogulidwa kwambiri padziko lonse tikayeza kuchuluka kwa malita, koma kunja kwa China ndi ochepa amene anauonapo. Unayambira ku Shenyang, ndipo unakula chifukwa cha mgwirizano wa kampani ya boma ya China Resources ndi South African Breweries, kampani yomwe ija ya Castle, m'zaka za m'ma 1990. A SABMiller, omwe anachokera mu South African Breweries, anali ndi magawo 49 pa 100 alionse a bizinesiyo, ndipo anawagulitsa kwa China Resources mu 2016 pa mtengo wa madola 1.6 biliyoni pamene AB InBev inkagula SABMiller. China yakhala dziko lofulula mowa wambiri kuposa lina lililonse kuyambira 2002, choncho mowa ukhoza kukhala woyamba padziko lonse popanda kuwoloka malire. Snow wamba ndi uja wa 8°P, wopepuka kwambiri, ndipo womwa yekha popanda chakudya alibe chimene angausimbire. Malo ake ndi pambali pa mphika wowira wa tsabola, ndipo apa m'pamene nkhani yagona.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti mowa umazimitsa moto wa tsabola. Suzimitsa. Chimene chimaotcha m'tsabola ndi capsaicin, ndipo sasungunuka m'madzi, pamene mowa wa lager ndi madzi pafupifupi wonse. Capsaicin amasungunuka m'mafuta ndi m'mowa waukali, koma mphamvu ya maperesenti 3 kapena 5 ndi yochepa kwambiri kuti imuchotse palilime. Choipa kwambiri n'chakuti mphamvu ya mowa imadzutsa minyewa yomweyo imene tsabola amaiputa, moti chakumwa chikakhala chaukali kwambiri moto umakulirakulira. Kuwawa kwa hops nakonso kumawonjezera ukali m'malo mouchepetsa. Aliyense amene anayesapo kuthamangitsa kambuzi ndi madzi akudziwa kuti mpumulo wake ndi wa kamphindi chabe: kuzizira kumanyenga lilime, kenako moto umabwerera. Lager wozizira amachita chimodzimodzi. Chimene chimathandizadi ndi mkaka, shuga pang'ono, kapena mpunga woyera wosathira kanthu.

Ndiye pa zakudya za ku Sichuan, Chongqing ndi Hunan, mowa wabwino ndi umene suwonjezera mavuto: wofooka, wosawawa, wozizira kwambiri. Taganizirani hot pot ya ku Chongqing. Pakati pa tebulo pali mphika wowira, pamwamba pake pakuyandama mafuta a ng'ombe ofiira psuu, tsabola wouma wodzaza manja, ndi tinjere ta huajiao. Aliyense amatenga kachidutswa ka nyama kapena ka nthumbwana ndi timitengo todyera, kuviika m'mphikamo kwa masekondi owerengeka, kukaviikanso m'kambale ka mafuta a chitowe ndi adyo, n'kudya. Thukuta limayamba mphindi zochepa chabe, ndipo chakudyacho chimatenga maola. Munthu amamwa pafupipafupi, osati chifukwa chofuna kuledzera koma chifukwa pakamwa pakuyaka. Apa mowa wa maperesenti 3 ndiye wanzeru, ndipo Snow, kapena mowa wa Chongqing umene anthu a kumeneko amamwa, umaposa mowa uliwonse wapamwamba wa ku Ulaya.

Huajiao ndi nkhani ina payokha. Ngakhale ena amamutcha tsabola wa ku Sichuan, si tsabola ayi; ndi khungu la kachipatso ka mtengo wa m'banja la malalanje ndi mandimu. Saotcha, koma amachititsa dzanzi pamilomo ndi palilime, milomo n'kumanjenjemera pang'onopang'ono. Mukamwa chakumwa champweya milomo ili choncho, mpweyawo umamveka mowirikiza, ndipo ngakhale madzi wamba amamveka ngati muli kandimu. Ena amakonda zimenezi, ena zimawanyansa. Chodziwika n'chakuti lilime likachita dzanzi chotere, kusiyana kwa Tsingtao, Yanjing ndi Harbin simungakumvenso, choncho musavutike kulipira zambiri chifukwa cha dzina pamene mwaitanitsa chakudya cha huajiao monga mapo tofu.

Pali mowa umodzi umene ndimaupatula pa gulu lonseli, ndiwo Wusu wa ku Xinjiang, kumadzulo kwenikweni kwa China, dera limene limalimanso hops wambiri wa dzikolo. Umabwera m'botolo lalikulu la mamililita 620, ndi wa 11°P, ndipo chimera chake chimamveka bwino. Anthu ozolowera mowa wa 8°P akaumwa mwachizolowezi chawo amadzuka ndi matsire oopsa, mpaka anaupatsa dzina lanthabwala loti wakupha. Kwawo amamwera kanyenya wa nkhosa wobaya patimitengo, wowotcha pamakala, wowaza cumin, mchere ndi tsabola wogaya, zidutswa za mafuta zitalowetsedwa pakati pa nyama. Nyama yautsi ndi yamafuta chonchi imameza mowa wopepuka, ndipo pamafunika wokhala ndi thupi. Wusu ali m'manja mwa Carlsberg, monganso mowa wa Chongqing. Ndi Carlsberg yomwe ija imene inatsegula fakitale yake yoyamba kunja kwa Denmark ku Blantyre mu 1968, isanagulitse bizinesi yake ya ku Malawi kwa Castel mu 2016.

Mwina mwaonanso Lucky Buddha, wa m'botolo lobiriwira loumbidwa ngati munthu wonenepa woseka. Amafululidwa ku China, koma anapangidwira makamaka misika ya kunja. Botolo lake ndi lokongola. Mowa wake ndi lager wamba, ndipo palibe chifukwa chouikira patsogolo pa Tsingtao.

Mawu oti "chakudya cha ku Asia" ndi otakata mopitirira muyeso, chifukwa akuphatikiza sushi wa ku Japan, kale wa ku India ndi supu yowawasa ya ku Thailand m'thumba limodzi. Komabe lager wa ku China amayenda bwino ndi zambiri mwa zimenezi, pa chifukwa chosavuta: mayiko oyandikana nawo amafulula mowa wofanana kwambiri. Singha ndi Chang ku Thailand, Tiger ku Singapore, Asahi Super Dry ku Japan, Beerlao ku Laos, onsewa ndi lager wotuwa wosawawa kwambiri, ndipo ena mwa iwo alinso ndi mpunga. Ndi zakudya za ku Thailand kapena ku Vietnam, zodzaza mandimu, masamba onunkhira ndi msuzi wa nsomba, Tsingtao amakwanira popanda vuto. Ndi nkhuku yokazinga ya ku Korea kapena tempura wa ku Japan, mpweya wake umadula mafuta bwino lomwe. Kumene amafooka ndi pa kale wolemera wa kumpoto kwa India, wa batala ndi kirimu, ndi pa nyama yophika nthawi yaitali m'msuzi wa soya ndi shuga mpaka kuda, monga nkhumba yofiira ya ku Shanghai ndi madera ozungulira. Zakudya zimenezi zimaufafaniza mowa wopepuka, ndipo anthu a kumeneko nthawi zambiri amamwera vinyo wa mpunga wa ku Shaoxing. Pa maphwando akuluakulu aulemu, chakumwa chenicheni si mowa wa lager n'komwe koma baijiu, kachasu wawo wa mapira amene kawirikawiri amapitirira maperesenti 50.

Zonsezi zili apo, chinthu chimene chimawononga kwambiri lager wa ku China kunja kwa dzikolo ndi ukalamba ndi kuwala. Mowa wopepuka ulibe pobisala. Ukayenda masabata ambiri m'sitima yapamadzi, kukhala padoko potentha, kukwera lole, kenako kukhala m'sitolo miyezi ingapo, umayamba kumveka ngati katoni yonyowa ndipo umatsekemera monyansa. Botolo lobiriwira limawonjezera vuto, chifukwa silitchinga kuwala monga limachitira lofiirira. Kuwala kukagunda mowa, timadzi ta hops timasweka n'kutulutsa fungo loipa la sulufule, ndipo padzuwa zimenezi zimachitika m'mphindi zochepa chabe. Ngakhale magetsi a m'furiji ya galasi ya m'sitolo amatha kuchita zomwezo pang'onopang'ono. Ambiri amene amati Tsingtao ndi wonunkha analawa botolo lopsa ndi kuwala, osati mowa umene unatuluka m'fakitale.

Choncho musachite manyazi kutembenuza botolo n'kuwerenga. Makampani a ku China kawirikawiri amadinda tsiku limene mowa unapangidwa, ndipo amayamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku. Mabotolo opangidwira misika ya kunja nthawi zina amakhala ndi tsiku lothera ntchito m'malo mwake, ndiye onetsetsani kuti mukuwerenga liti. Ngati pali chitini ndi botolo za mowa womwewo, tengani chitini, chifukwa kuwala sikulowa. Ngati mukugula m'sitolo, tengani botolo la m'katoni yotseka kapena la kumbuyo kwa shelefu. Ndipo ngati muli ku China komweko, nenani kuti mukufuna wozizira, chifukwa woperekera zakudya angakubweretsereni wosalowa m'furiji. Anthu ambiri kumeneko amakhulupirira kuti zozizira kwambiri sizichita bwino m'mimba, ndipo m'malesitilanti ambiri amafunsa kaye.

Kathiridwe kawo n'koyenera kutengera. Itanitsani botolo lalikulu limodzi la tebulo lonse ndi timatambula ting'onoting'ono, m'malo moti aliyense akhale ndi tambula yaikulu yakeyake. Mowa wa m'katambula umatha usanafunde, ndipo lager wopepuka ukafunda palibenso chimene chatsala.

Nanga ngati m'lesitilanti ya zakudya za ku China ya ku Lilongwe kapena ku Lusaka mulibe mowa wa ku China, kapena ulipo koma mtengo wake ndi wowirikiza ndipo botolo lachita fumbi? Musadandaule. Carlsberg Green, Mosi kapena Castle wozizira bwino wochokera kufakitale yapafupi ndi wa mtundu womwewo, ndipo kutsopano kwake kumaposa dzina lochokera kutali. Koma mukapeza Tsingtao amene sanathe miyezi itatu kapena inayi chipangidwire, wosungidwa pamdima ndi pozizira, mutengeni, ndipo muitanitse nsomba ya nthunzi kapena jiaozi musanafike pa zatsabola, lilime lidakali lomva.